Mutu 6: Kamphete ka m'Giyabokosi

1. Nyumba ya Matayala

Kuseri kwa nyumba ya a Francisko, ku Namitambo, kunali galimoto imene sinkayenda. Inali yotalika kuposa minibasi, ndipo m'kati mwake munali bedi, kathebulo, kasinki ndi kakabati ka mbale. Ana a m'mudzimo ankangoitcha Nyumba ya Matayala.

Eni ake anali azungu awiri apaulendo. Inawafera pamsewu Maluwa akadali kumsana kwa mayi ake. A Francisko, bambo ake a Maluwa, anali makaniko, choncho anaikokera kwawo ndi thirakitala. Atatsegula anapeza kuti giyabokosi yatha mano. Azunguwo anadikira mpaka kutopa, kenako anasiya makiyi.

"Ikadzayenda ndi yanu," anatero, nkukwera basi.

Sinayende. Nkhuku zinayamba kuikira mazira musinki, ndipo a Elsie, mayi ake a Maluwa, ankasungiramo nandolo. Komabe mayiwo anasoka makatani a chitenje chachikasu nkupachika m'mawindo. Masana a Lamulungu, akaweruka kutchalitchi, onse atatu ankalowamo. A Francisko ankakhala pachiwongolero nkumaliza injini ndi pakamwa, bambo wamkulu ndevu pepeya.

"Tafika pati, adalaivala?" a Elsie ankafunsa.

"Tadutsa Zomba, mayi. Gwirani mwana, kutsogoloku kuli mabampu."

Maluwa ankatsinzina, ndipo ankamvadi galimoto ikugwedezeka. Ankaona minda ikuthawira kumbuyo ndi anthu osawadziwa akuwabayibitsa. Mwanjira imeneyi banjali linafika ku Karonga kangapo, tayala lisanazungulire nkamodzi komwe.

A Elsie anamwalira mvula ya chaka chatha ili pakati. Kuyambira pamenepo, Lamulungu masana galimoto ija inkakhala yotseka.

2. Mawu a amalume

A Francisko anali mkamwini. Kwawo kunali ku Migowi, kuno anangodzakwatira. Malo, munda ndi mwana zonse zinali za kuchikazi.

Anthu atamaliza kukolola, kunabwera a Limbikani, achimwene awo a malemu Elsie. Anali munthu wansangala, wokonda kuseka, koma tsikulo anakhala pampando akusisita mawondo.

"Alamu, mlongo wathu mwamulira mokwanira. Chiliza tamanga. Chatsala nkukusudzulani, mukapume kwanu, mukayambe moyo wina."

"Ndamva, alamu," anayankha a Francisko. "Koma galimoto iyi sindingaisiye. Ndidzachoka ikayenda."

A Limbikani anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti tidzakuikani konkuno! Chabwino, tidikira galimoto yanuyo."

Maluwa, amene anali Folomu 2, ankasenda chinangwa pakhonde ndipo anamva zonse. Amalume ake akutuluka, anawatsatira mpaka panjira nkugwada.

"Amalume, nanga ine?"

A Limbikani anaima, nkumuyang'ana mwachisoni.

"Iwe ndiwe wathu, Maluwa. Mchombo wako unagwera pano, ndipo munda wa mayi ako ukudikira iweyo. Bambo ako ndi munthu wabwino, palibe amene akuwathamangitsa. Koma mwamuna akafedwa kuchikamwini, kumusunga nkumuzunza. Azidya kwa yani? Akafuna kukwatiranso, mkaziyo adzamulowetsa m'nyumba ya mlongo wanga? Timamumasula kuti apite ndi ulemu wake. Ndiye ndikuchenjeze, mwana wa mlongo wanga. Mtima ukamawawa umakuuza nzeru zambiri, ndipo zambiri mwa nzeruzo nzopusa. Usachite kanthu mobisa. Chikakuvuta, bwera unene pamaso pa anthu, ngakhale tikukanize."

Maluwa anangoti, "Ndamva." Mumtima munalibe mantha kwenikweni, pakuti ndani sankadziwa kuti Nyumba ya Matayala siyenda?

3. Nsungwi

Amene sankadziwa zimenezo anali a Francisko. Tsiku lina anapita ku Limbe, kumene amaphwasula magalimoto akufa, ndipo anabwerako pa pikiapu ya tomato atanyamula chitsulo chakuda ndi gilizi. Inali giyabokosi ya kalole kakale. Nayonso inali yodwala, koma mano ake anali athunthu, ndipo inali ndi magiya asanu pamene yakale ija inali ndi anayi.

"Pa akufa awiriwa titulutsapo wamoyo mmodzi," anatero a Francisko. Aka kanali koyamba kuti amwetulire chimwalirire akazi awo.

Mnzawo Che Bwanali, wowotcherera zitsulo pamsika, anadula chitsulo chafulati chobowola mabowo kuti giyabokosi yachilendoyo igwirane ndi injini. Ntchito yotsala inali kuiphwasula, kuitsuka, kusintha mabering'i otha ndi kuimanganso. Sukulu inali itatsekedwa, choncho Maluwa ndiye anali wotsuka.

Asanamasule bawuti ndi limodzi lomwe, a Francisko anadula nsungwi yowonda, nkuikhazika pa njerwa ziwiri pansi pa mtengo wa mango.

"Tamvera bwino, Maluwa. Giyabokosi yakale ija ndikhoza kuimanga nditatsinzina. Iyi sindiidziwa, ndiponso maso angawa tinthu tating'ono sakutionanso bwino. Ndiye chilichonse chimene ndichotse pashafuti, chitsulo chachitali chimene magiya amakhalapo, ndizichitunga pansungwi iyi. Chomaliza kutuluka ndicho chidzayambe kubwerera. Iwe uzitsuka zili pomwepo, ndi mswachi ndi palafini. Usasinthanitse, usatembenuze, usachotsepo kanthu kuti ukaonetse anzako. Ine sindidzafunsa mutu wanga, ndidzafunsa nsungwi. Nsungwi ikanama, ndiye kuti wanama ndiwe, chifukwa pano tilipo awiri basi."

Inali nyengo ya chiperoni. M'mawa uliwonse nkhungu inkatsika kuchokera m'phiri la Chiradzulu nkukuta minda, moti mtengo wa mango unkaoneka ngati uli wokha padziko. Maluwa ankakonda nthawi imeneyi. Ankapukuta magiya mpaka kuwala, kwinaku bambo ake akung'ung'udza nyimbo ya kwaya pansi pa galimoto, mapazi okha ali kunja.

Akadakhala ndi mphamvu, akadaimitsa dzuwa pomwepo. Ankalota ali maso kuti wakula, wakhala namwino, akubwera kuntchito madzulo, ndipo mapazi awiri aja akadali pansi pa galimoto, nyimbo ikumveka.

Koma zitsulo zakuda pansungwi zinkachepa, zowala zikuchuluka.

M'mawa wina a Francisko anapita kumsika kukatenga mabering'i atsopano. Maluwa anatsala yekha ndi nkhungu. Pakati pa magiya awiri akuluakulu panali kamphete kachitsulo, kopyapyala, kokhala ndi mpata mbali imodzi. Anakakanula pang'ono ndi zala, ndipo kanachoka pansungwi anzake osasuntha.

Anakayang'ana kali m'dzanja. Nzeru yake inali yoti bambo akafika pamenepa adzaona kuti pasowa kanthu, adzafunafuna, adzapita ku Limbe osakapeza, ndipo mvula idzayamba galimoto ikadali pompo. Anakamanga pamfundo ya chitenje chake, nkupitiriza kutsuka.

4. Giya yachisanu

Tsiku lomanga linafika. A Francisko anayala thumba pachitseko chakale, naimika shafuti. Maluwa ankasolola chitsulo chimodzi chimodzi pansungwi nkuwapatsira. Iwo ankachipaka oyilo, kuchilowetsa, nkutambasulanso dzanja osayang'ana nkomwe.

Atafika pa magiya awiri aja, Maluwa anasiya kupuma. Anadikira kuti bambo ake aime, akande mutu, afunse.

"Bweretsa chotsatira," anatero a Francisko.

Anawapatsa. Nsungwi inatha, chivindikiro chinatsekedwa, mabawuti anamangidwa. A Francisko anazunguza shafuti ndi dzanja, ndipo inazungulira mwakachetechete.

"Waona? Ukagwira ntchito ndi munthu wokhulupirika, chitsulo sichivuta."

Maluwa anayang'ana pansi. Mawu amenewo anamuwawa kuposa kukalipiridwa.

Mawa lake anyamata a kabaza anathandiza kukweza giyabokosi ndi zingwe mpaka inalowa m'malo mwake. Nkhuku zinatulutsidwa musinki zikudandaula. Injini sinavute, chifukwa zaka zonsezi a Francisko ankailiza mwa apo ndi apo kuti isagone tulo tofa nato. Utsi utachepa, anaponda kilachi, nalowetsa giya yoyamba.

Nyumba ya Matayala inanjenjemera, inalira ngati chitseko chadzimbiri, kenako inasuntha.

Mudzi wonse unatuluka. Amayi anasiya mitondo, nthungululu zili gwaa, ana akuthamangira m'mbali. A Francisko anatsegula chitseko nkukodola Maluwa, ndipo iye anakwera nkukhala pampando umene unali wa mayi ake.

Analowa mumsewu wafulati wopita kubwalo la mpira. Giya yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Minda ya nandolo inayamba kuthawira kumbuyo, makatani achikasu akuuluzika ndi mphepo. Nthawi yomweyo nkhungu inang'ambika, ndipo kutali kunatulukira phiri la Mulanje, labuluu, ngati likuyandama pamwamba pa mitambo. A Francisko analowetsa giya yachisanu. Phokoso la injini linatsika, galimoto nkumangoseseleka ngati bwato.

Maluwa anaiwala za kamphete, anaiwala za Migowi. Mawu anangotuluka okha.

"Tafika pati, adalaivala?"

A Francisko anapukuta maso ndi mkono wa ovolosi, nkupitiriza kuyang'ana kutsogolo.

5. Che Bwanali achenjeza

Atabwerera anapeza a Limbikani ndi Che Bwanali akudikira pansi pa mango. A Limbikani anagwira alamu awo chanza kwa nthawi yaitali.

"Ndinakusekani, alamu, ndikhululukireni. Koma poti yayenda, ndituma uthenga kwa abale anu ku Migowi. Mwambo uchitike Loweruka la mawa."

Mtima wa Maluwa unagwa. Kuba anaba ndithu, koma bambo ake akupitabe.

"Pafulati yakhoza," anatero a Francisko. "Tsopano tikaiyese pamtsetse wa kumtsinje. Ana inu, amene akufuna kukwera akwere!"

Sanafunike kubwereza. Ana anadzazana pabedi, pansi pa thebulo, wina mpaka musinki. Ana awiri a a Limbikani analimbirana windo.

Che Bwanali anavula kofia yawo, nkuikung'untha pabondo.

"Achimwene, musanapite kumtsetse ndifunse. Timphete tonse tinalowa?"

"Zonse zimene zinali pansungwi zinalowa. Mboni ndi uyu," anayankha a Francisko, akuloza Maluwa.

"Basi, ndiye zili bwino." Che Bwanali anatembenukira kwa ana amene anali m'mawindo. "Inu mukuseka, mukuona ngati galimoto imayenda ndi zitsulo zikuluzikulu. Iyayi. M'kati umo muli timphete toti ukhoza kutimeza ndi madzi, koma ndito timagwira magiya kuti asatsetsereke pashafuti. Kakasowa kamodzi, galimoto siikana kuyenda. Imayenda bwinobwino, mwina lero, mwina mwezi wathunthu, iwe nkumadzitama kuti ndine katswiri. Imadikira pamtsetse. Galimoto yolemera chonchi siitsika ndi mabuleki okha, imatsika injini ikuigwira kudzera m'giya. Ndiye pakatikati pa phiri giya ija imangoti phwa, kutuluka yokha. Mabuleki amatentha, nkusiya kugwira. Ine ndili mnyamata ndinakawotchererapo lole imene inachita zimenezo. Lole tinaiwongola, koma adalaivala ake sitinawaonenso. Ndiye mukadzakula, kaya mudzakhala amakaniko kaya atelala, musadzanene kuti aka nkakang'ono, palibe adzaone."

Ana anaseka, poganiza kuti ndi nthano yowaopseza. A Francisko analiza injini.

Maluwa anali ataima pambali, dzanja lili pamfundo ya chitenje. Anayang'ana anthu onse amene anasonkhana, anzake a kusukulu, amayi a kutchalitchi, amalume ake. Anachita manyazi, anachitanso mantha. Galimoto inayamba kuyenda, ana akuimba m'katimo.

Anathamanga nkukaima kutsogolo kwake, manja ali m'mwamba.

6. Dzanja lotambasula

A Francisko anaponda mabuleki, ana nkugwerana. Anatsika nkhope itasintha.

"Wapenga kodi? Ukufuna ndikugunde?"

Maluwa anagwada pafumbi. Anamasula mfundo ya chitenje chake. Kenako anatambasula dzanja, kamphete kali pakati.

Che Bwanali anasendera pafupi, anakayang'ana, nkugwira pakamwa.

"Unakatola pansi?" anafunsa a Francisko motsitsa mawu.

Apa panali pothawira, ndipo bambo akewo anachita dala kumutsegulira. Maluwa anapukusa mutu.

"Ndinachotsa ndine pansungwi, ababa. Ndimafuna galimoto isayende, kuti musapite."

"Mwana iwe!" anakuwa a Limbikani, akuyang'ana ana awo m'windo. "Ukadapha mudzi wonse! Sindinakuuze ine kuti usachite kanthu mobisa?"

"Alamu, basi," anatero a Francisko. "Mlandu uwu ndi wa pagalaja, tikaukamba pagalaja. Ana inu tsikani."

Anthu anabalalika akunong'onezana. Madzulo amenewo Maluwa anapita kumjigo, ndipo atsikana anzake anamupatsa mpata osamulankhula. Nkhani inali itamutsogolera kale.

Kutsitsa giyabokosi kunali kovuta kuposa kuikweza. Anyamata a kabaza anabweranso, ulendo uno akung'ung'udza. A Francisko sanamukalipire Maluwa, sanamumenye, koma nyimbo ya kwaya ija inasiya kumveka. Ankangotchula dzina la sipanala, iye nkuwapatsa. Zitsulo zinabwerera pansungwi chimodzi chimodzi mpaka anafika pa magiya awiri aja. Pashafuti panali kamzere kozungulira kopanda kanthu, ndipo giya ina inali itayamba kale kusendera kumbali.

A Francisko anatenga pulayala, koma m'malo moigwiritsa ntchito anaipereka kwa mwana wawo.

"Lowetsa wekha."

Maluwa anawayang'ana.

"Lowetsa, Maluwa. Ukudziwa chimene kachite kakalowa. Galimoto iyenda, ndipo ine ndipita nayo. Ndikufuna ulowetse ukudziwa zimenezo."

Misozi inkamutchinga maso, moti kawiri konse kamphete kanaterereka. Anapukuta nkhope paphewa, nagwiranso pulayala ndi manja awiri. Kamphete kanatsika pashafuti pang'onopang'ono, kenako kanati tche m'malo mwake.

A Francisko anakayesa ndi chala, nkupumira m'mwamba. Anakhala pansi pafumbi, pafupi ndi mwana wawo, msana atatsamira tayala.

"Unalakwa kwambiri, ndipo anthu sadzaiwala msanga. Koma nanenso ndinalakwa. Ndinakupatsa mswachi ndi palafini, osakufunsa nkamodzi komwe kuti mumtima mwako muli chiyani. Loweruka akandisudzula adzandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndikapempha chinthu chimene mkamwini sapempha. Ndikapempha iweyo."

Maluwa anadzuka ndi chimwemwe, koma bambo ake anamugwira mkono.

"Usafulumire. Mwambo uli mbali yawo, akhoza kukana. Koma amalume ako ndimawadziwa, adzati afunse mwini wake pamaso pa onse. Ku Migowi kulibe munda wako, kulibe anzako, sukulu yake sukuidziwa. Ndipo mayi ako agona kuno. Ukapita nane, manda awo adzasesa ndi ena. Akakufunsa, udzayankha kuti chiyani?"

Maluwa anatsegula pakamwa kuti anene kuti ndipita. Koma maso ake anagwera kutsidya kwa munda wa nandolo, pa mitengo ya kumanda, pamene chiliza chatsopano chinkaoneka mbuu m'nkhungu.

Akadali choncho, panjira panamveka kutsokomola. A Limbikani ankabwera atavala jekete la kutchalitchi, ndipo pambuyo pawo panali alendo awiri onyamula zikwama.

"Alamu, abale anu sanadikire Loweruka," anatero. "Sambani m'manja, mwambo uchitike lero. Mwanayonso abwere."